Ndaoneranso It ya 1990, ndipo amene akundiopsa tsopano ndi bambo wa tsidya la msewu

Mu filimu ya It ya 1990 muli malo amene mtsikana wina, Beverly Marsh, ali yekha m'bafa kwawo. Akumva mawu a ana akumuitana kuchokera m'kabowo ka sinki. Kenako baluni lofiira likufufuma kutuluka m'kabowomo, likuphulika, magazi n'kuwazikira pagalasi, pasinki ndi kumaso kwake. Mwanayo akukuwa, bambo ake akuthamangira. Akuwerama pasinkipo, akugwiragwira ndi manja, magazi akuwapaka m'zala, koma iwo sakuona kanthu. Akumufunsa chimene chamuopsa. Beverly akuyang'ana magazi aja, akuyang'ana bambo ake, ndipo pozindikira kuti sangamukhulupirire akunena kuti waona kangaude. Bambowo akukhutira ndi yankholo n'kutuluka.

Magaziwo ndinkawakumbukira bwino kuyambira ndili kamtsikana. Bambowo ndi amene ndinali nditawaiwala. Nditaonera filimuyi kachiwiri sabata yathayi, usiku uwiri monga momwe inaulutsidwira poyamba, iwowo ndi amene anandichititsa tsemwe. Tsiku lotsatira Beverly akuitana anzake kuti adzaone m'bafamo, ndipo anzakewo akuwaona magaziwo. Akutenga nsanza n'kumuthandiza kukolopa. Palibe nyimbo yoopsa pamenepo, palibe chilombo. Pali ana okhaokha akupukuta khoma, komanso nkhope ya mtsikana amene wangodziwa kumene kuti sanapenge. Kwa ine filimu yonseyi yagona pamenepo.

Ndinaiona koyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kwa amalume ku Chilomoni. Nthawi imeneyo TV ya dziko lino inali isanayambe, inadzayamba mu 1999, choncho bokosi la m'chipinda chochezera lija ntchito yake inali ya matepi basi. Amalume anali ndi deki, ndipo matepi ankayenda m'manja kuchoka nyumba ino kupita nyumba ina mpaka chithunzi chinkayamba kunjenjemera m'munsi. It inali ya matepi awiri, koma kwathu inafika imodzi yokha, yoyamba. Yachiwiri inasochera kwinakwake panjira. Ndiye kwa zaka zambiri nkhaniyi kwa ine inkathera pa mayi akukuwa pakhomo la bafa, ndi zilembo ziwiri zolembedwa ndi magazi pakhoma. Gawo lachiwiri ndinadzaliona ndili wamkulu kale, pa DVD.

Kwa amene simukuidziwa, It ndi filimu ya pa TV ya magawo awiri imene wailesi ya kanema ya ABC ku America inaulutsa pa 18 ndi pa 20 Novembala 1990. Inachokera m'buku la Stephen King la 1986, buku lonenepa la masamba opitirira 1,100. Nkhani yake ikuchitika m'tawuni yongopeka ya Derry m'chigawo cha Maine, ngakhale kuti filimuyo anakaijambulira ku Canada, cha ku Vancouver. Ana asanu ndi awiri akulimbana ndi chinthu chimene chimadzuka pakapita zaka zambiri n'kuyamba kudya ana, ndipo kawirikawiri chimadzionetsa ngati clown, munthu wanthabwala wopaka nkhope mbee ndi mphuno yofiira uja, dzina lake Pennywise. Anawo akuganiza kuti achipha, ndipo akulumbira kuti chikadzadzukanso adzabwerera. M'buku chimadzuka pakapita zaka 27. A pa TV anazisintha kukhala 30, kuti ubwana ukhale mu 1960 ndipo ukulu ukhale mu 1990, chaka chomwecho chimene anthu ankaonera.

Poyamba cholinga chinali chachikulu. Ankafuna maola 8 mpaka 10, ndipo woitsogolera akanakhala George A. Romero, mwini wake wa Night of the Living Dead. ABC inayamba kudula maolawo, Romero anachoka, ndipo ntchito inagwera Tommy Lee Wallace, amene anagwirapo ntchito ndi John Carpenter pa Halloween ya 1978. Zimene zinatsala ndi maola atatu ndi mphindi zochepa mukachotsa zotsatsa malonda. Wolemba wake, Lawrence D. Cohen, yemwenso analemba filimu ya Carrie ya 1976, anapeza mwayi m'kupanikizika komweko. Filimu ya pa TV ya maola awiri masiku amenewo inkadulidwa zigawo zisanu ndi ziwiri kuti alowetsemo malonda, ndipo anthu a m'nkhaniyi analinso asanu ndi awiri. Ndiye aliyense anamupatsa chigawo chake. Foni ikulira, munthu wamkulu akuyankha, nkhope ikugwa, n'kuyamba kukumbukira zimene anaona ali mwana. Kenako wina, kenako wina.

Ndili wamng'ono mafoni amenewa ndinkaona ngati ongochedwetsa, ndinkafuna clown abwere msanga. Pano ndi amene akundigwira mtima. Woimba mafoniwo ndi Mike Hanlon, yekhayo mwa asanu ndi awiriwo amene sanachoke ku Derry. Amagwira ntchito mu laibulale ya m'tawuni, amakhala m'kanyumba wamba, tsitsi layamba imvi. Anzake onse anachoka ndipo zinthu zinawayendera. Bill Denbrough ndi wolemba mabuku oopsa wotchuka, ali ku England ndi mkazi wake Audra, wosewera m'mafilimu. Ben Hanscom amajambula mapulani a nyumba zikuluzikulu ndipo akulandira mphoto. Beverly ali ndi kampani ya zovala ku Chicago. Richie Tozier ndi wanthabwala wa pa TV. Eddie Kaspbrak ali ndi kampani ya magalimoto onyamula anthu olemera. Stan Uris ali pabwino ku Atlanta. Ndipo onsewo anaiwala. Sakukumbukira Derry, sakukumbukira lumbiro, ena akutenga kanthawi kuti azindikire ngakhale dzina la Mike. Amene anatsala yekha ndi amene akukumbukira zonse, ndipo ndi yekhayo wosauka.

Ambirife timamudziwa Mike ameneyu. Pafupifupi banja lililonse lili ndi mmodzi amene anatsala pakhomo pamene ena anapita ku Joni kapena ku UK, amene amadziwa manda a aliyense, mankhwala a agogo ndi ngongole ya feteleza, ndipo ndi amene amaimba foni ija ya usiku yoti bwerani kuno zinthu sizili bwino. Woyankha kutali uko amakhala kakasi kaye, chifukwa mawu amodzi okha amubwezera kumene ankayesa kuti anachokako. Tim Reid, amene akusewera Mike wamkulu, akuchita zimenezi mofatsa kwambiri. Sakuchonderera, sakudzudzula. Akungotchula dzina lake, n'kunena kuti chabweranso, n'kufunsa ngati abwera. Mukamuyang'ana akaika foni pansi mukuona kuti akudziimba mlandu, chifukwa akudziwa kuti mwina ena mwa iwo akuwaitanira imfa.

Chinthu china chimene ndachiona tsopano n'chakuti zoopsa zambiri za mu filimuyi zikuchitika masanasana. Ikuyamba ndi kamtsikana kakupalasa kanjinga ka mateyala atatu, kakuimba, mvula ikukonzeka kugwa. Kakufika pabwalo la kwawo pomwe mayi ake ayanika zofunda. Zofundazo zikukupiza ndi mphepo, ndipo pakati pake clown ali chiimire, akumwetulira, akupereka moni. Zofunda zikukupizanso, nkhope ija yasintha. Sitikuona chimene chachitika. Tikungoona kanjinga katagwa ndi mayi akukuwa. Zinali choncho chifukwa malamulo a TV ya ku America nthawi imeneyo ankaletsa kwambiri kuonetsa ana akuvulazidwa. Imfa ya Georgie, mng'ono wake wa Bill, ndi chimodzimodzi. M'buku mkono wake ukuzulidwa. Pa TV tikuona kamnyamata kovala jekete lachikasu la mvula kakuthamangira kabwato kake kapepala m'mphepete mwa msewu, kabwatoko kakulowa m'bowo la ngalande, ndipo m'bowomo muli nkhope yoyera ikulankhula mokoma. Mwana akutambasula dzanja, mano akuonekera, kenako tili pamaliro. Ine ndikuona kuti choletsa chija chinawathandiza. Diso likamanidwa, mutu umadzipangira wokha, ndipo zimene mutu wa mwana wa zaka khumi ndi zingapo unadzipangira ku Chilomoni palibe kamera ikanazijambula.

Za Tim Curry zanenedwa zambiri ndipo zambirizo n'zoona. Ndi Mngelezi, anali atadziwika kale ndi The Rocky Horror Picture Show ya 1975, ndipo mu Legend ya 1985 anamumata zinthu zambiri kumaso moti pofika pa It sankafunanso zolemera. Anamupaka zochepa: nkhope yoyera, chipumi chotukuka, tsitsi lofiira m'mbali, mphuno, ndi mano akuthwa pa nthawi zochepa zokha. Zotsalazo ndi mawu ndi maso ake. Pennywise wake ndi clown weniweni, woti mwana angamuyandikire. Amaseka nthabwala zake zomwe, amatukwana ndi mawu okhakhala ngati munthu wosuta fodya, ndipo m'kuphethira kwa diso kumwetulira kuja kumazima, maso n'kukhala ouma gwa. Pa ngalande paja, pamene akuuza Georgie kuti kunsi kuno zonse zimayandama, mawuwo akuyamba ngati akulonjeza maswiti n'kuthera m'kubangula. Curry mwini wake ananenapo kuti kamnyamata kanasewera Georgie, Tony Dakota, kanaimitsa kujambula n'kumuuza kuti akukaopsa zenizeni. Mukawerenga nthawi imene akuonekera mu filimu yonse mupeza kuti ndi yochepa, koma ndi nkhope yake imene anthu anakula nayo.

Komabe ulendo uno ndimapezeka ndikuyang'ana kumbuyo kwa clown, m'nyumba zimene anawa amagona. Chinthuchi sichisankha mwachisawawa. Mwana aliyense chikumulowera pa bala limene ali nalo kale, ndipo mabala ambiriwo anawapeza kunyumba. Bill ali ndi chibwibwi ndipo akudziimba mlandu chifukwa ndi iye anapanga kabwato kaja. Akutsegula alubamu ya Georgie, chithunzi chikumutsinzinira diso, alubamuyo ikuyamba kuchucha magazi. Mayi ake akuitola, magazi ali m'manja mwawo, osawaona, ndipo bambo akungomukalipira kuti asadzalowenso m'chipindamo. Makolowa alira mwana mmodzi mpaka kuiwala kuti wina ali moyo. Ben bambo ake anafera ku nkhondo ya ku Korea, iye ndi mayi ake akusungidwa kwa achibale amene sakuwafuna kwenikweni, ndipo chinthucho chikumuitana kudambo chitavala yunifolomu ya bambo akewo. Eddie mayi ake amukhulupiritsa kuti ndi wodwaladwala, amayenda ndi kopopera ka mankhwala a mphumu m'thumba, mpaka tsiku lina wogulitsa mankhwala akumuuza kuti m'kopoperamo muli madzi chabe othira kamfa. Beverly bambo ake akupeza ndakatulo imene mnyamata wamulembera pa positikhadi n'kumuwomba mbama. Za Richie ndi chilombo chooneka ngati mmbulu chimene anachiona mu filimu ina ndizo zofooka pa zonsezi, ndipo zovala za chilombocho zakalamba moonekeratu.

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo yankho la Beverly lija la kangaude ndimalimva m'kalasi. Mwana amene zinthu sizili bwino kwawo kawirikawiri sanena zimenezo. Amanena kuti mutu ukundipweteka, kapena ndinagwa, kapena kope ndaiwala. Amayesa kaye kuti wamkuluyu angalandire chiyani, n'kumupatsa chomwecho. Ndipo anzake a pa benchi imodzi nthawi zambiri amakhala akudziwa kale. Filimu iyi inazimvetsa zimenezi bwino kuposa mabuku ena amene tinawerenga ku koleji. Ana asanu ndi awiriwa sakupambana chifukwa ali ndi zida. Ali ndi legeni, ndolo zasiliva, ndi kopopera ka madzi kaja, komwe Eddie akupopera nako clown kumaso atadzitsimikizira kuti ndi asidi wa batire, nkhope ya clown n'kuyamba kusungunuka. Akupambana chifukwa aliyense wapeza anthu ena asanu ndi mmodzi amene akumuuza kuti nafenso tikuwaona.

Ana amene anasewera mbali zimenezi anachita bwino kwambiri. Jonathan Brandis monga Bill chibwibwi chake sichioneka chochita kupanga, ndipo pamene akupempha anzake kuti amuthandize kupha chimene chinapha mng'ono wake, mawu akunjenjemera, ndinalira. Emily Perkins monga Beverly amalankhula ndi maso. Seth Green, amene anadzatchuka pambuyo pake, ndi Richie wapakamwa posapuma. Brandis anamwalira mu 2003 ali ndi zaka 27, chaka chomwecho chimene John Ritter, Ben wamkulu, anamwalira. Harry Anderson, Richie wamkulu, anatisiya mu 2018. Kuonera ukudziwa zimenezi kumawonjezera chisoni china chimene opanga filimuyi sanachiikemo.

Usiku woyamba ukuthera pa Stan. Ali mwana ndi iye ankakana mpaka mapeto kuti zoterezi sizingatheke, mnyamata wa dongosolo, wa buku la mayina a mbalame. Foni ya Mike itamupeza akuyankha mwaulemu, akuuza mkazi wake kuti akukasamba, ndipo akudzipha m'bafamo. Pakhoma wasiya zilembo ziwiri, IT. Kale ndinkamuona ngati wamantha. Tsopano ndikuona munthu amene moyo wake wonse anaumanga pa kuiwala, ndipo kukumbukira kutabwera zonse zinagwa nthawi imodzi. Filimuyi sikumunyoza, ndipo anzakenso atamva sakumunyoza.

Gawo lachiwiri ndi lofooka, palibe chifukwa chobisira. Akuluakuluwa anali nkhope zodziwika za pa TV ya ku America: Richard Thomas wa The Waltons, Ritter wa Three's Company, Anderson wa Night Court. Ambiri anali a masewero oseketsa kapena a pabanja, ndipo penapake zikuoneka. Pali kukumbatirana kwambiri, kukomoka, kufotokozerana zimene taziona kale. Pali nthawi yaitali imene akungokhala mu hotela kukambirana ngati atsale kapena athawe. Malo odyera aja a Chitchaina, pomwe timabisiketi tikusanduka diso, tizilombo ndi kamwana ka mbalame, ndi abwino ndithu. Mutu wa Stan mu firiji ukulankhula nthabwala sunandigwire.

Koma m'gawo lomweli muli malo awiri amene sindingasinthanitse ndi chilichonse. Oyamba ndi pamene Beverly wamkulu, Annette O'Toole, akupita kunyumba imene anakulira. Wangothawa kumene mwamuna womumenya ndi lamba, munthu wofanana ndi bambo ake m'zonse, ndipo filimuyi sikuchita kutiuza zimenezo, ikungotionetsa. Pakhomo akupeza gogo wina wachifundo, Mayi Kersh, amene akumuuza kuti bambo ake anamwalira kalekale n'kumupatsa tiyi. Gogoyo akumwa tiyi mofwenkha, mano ake akuda pang'onopang'ono, tiyi wa m'kapu ya Beverly akusanduka magazi, ndipo mawu otuluka m'kamwa mwa gogoyo akukhala a bambo ake, akubwereza mawu awo akale oti amamudera nkhawa kwambiri. Mawu achikondi amene ankabwera limodzi ndi mbama.

Achiwiri ndi aafupi kwambiri moti ukaphethira akudutsa. Beverly akufotokozera anzake tsiku limene anazindikira kuti Derry ili ndi vuto. Akuchokera kusukulu, Henry Bowers, mnyamata wovutitsa ana ena, ndi anzake anamutchingira pafupi ndi nyumba ya kwawo n'kuyamba kumugwiragwira. Tsidya la msewu bambo wina wachikulire, a Ross, anali panja pa nyumba yawo. Anaona zonse. Beverly anaganiza kuti akubwera kudzamulanditsa. Iwo anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Palibe clown pamenepo, palibe baluni. Pali munthu wamkulu amene akumudziwa mwanayo, mwina amamulonjera tsiku ndi tsiku, amene waona kuti si zake. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu ndi wosavuta kuutchula kusiyana ndi kuwoloka msewu. Bambo ake a Beverly mwina tingawakhululukire kuti magazi aja anali amatsenga, sakanawaona. A Ross anaona ndi maso awo.

Apa m'pamene buku limapita patali kuposa TV. M'buku Mike wakhala zaka akufunsa okalamba a m'tawuni ndi kufukula nyuzipepala zakale, ndipo akupeza kuti nthawi iliyonse chinthuchi chikadzuka, anthu a ku Derry amachitanso zawo. Mu 1906 fakitale ya zitsulo inaphulika pa chikondwerero cha Pasaka n'kupha anthu 102, ndipo 88 mwa iwo anali ana. Mu 1929 anthu wamba a m'tawuni anatenga mfuti n'kuwombera gulu la zigawenga pakati pa msewu masana, kenako aliyense n'kumati tsiku limenelo kunalibe. Mu 1930 gulu la azungu osankhana mitundu linatentha malo achisangalalo a asilikali achikuda otchedwa Black Spot, ndipo bambo ake a Mike anali m'katimo. Gawo la akuluakulu m'bukuli likuyamba ndi anyamata atatu akumenya mnyamata wina chifukwa chogonana ndi amuna anzake n'kumuponya pa mlatho. King sanachite kupeka zimenezi. Mu 1984 mnyamata wina dzina lake Charlie Howard anaphedwa chimodzimodzi ku Bangor, tawuni imene King ankakhala ndiponso imene anatengerako Derry. Pa TV kuphedwa kumeneku mulibe, ndipo mbiri ya tawuniyi yatsala m'zithunzi zochepa za mu alubamu ya Mike. Ndikumvetsa kuti maola anali ochepa ndipo ABC ya 1990 inali ndi malire ake. Koma chifukwa chake n'chakuti mphindi imodzi ya a Ross ija ikusenza yokha katundu amene m'buku wagawidwa m'mitu yambiri.

Ngakhale Henry Bowers, amene ndinkadana naye ndi mtima wonse, tsopano ndimamuona mwina. Ndi mnyamata wankhanza, woyenda ndi mpeni, wosankha mtundu, ndipo amamuthamangitsa Mike chifukwa cha khungu. Koma atatuluka m'mapaipi a pansi pa tawuni tsitsi lake litayera mbuu ndi mantha, akuvomera kuti ndi iye anapha ana onsewo, ndipo tawuni ikulandira msanga. Akumutsekera ku chipatala cha amisala zaka 30. Derry yapeza mwana mmodzi womuunjikira zonse, ndipo palibe wamkulu amene wafunsa ngati n'zomveka.

Kangaude wa kumapeto uja, amene ndi maonekedwe omaliza a chinthucho, aliyense amamudandaula, ngakhale Wallace mwini wake ananena kuti sanakhutire naye. Pambuyo pa maola atatu a Tim Curry, tikupatsidwa chidole cholimba miyendo chokhala ndi nyali pamimba, ndipo akuluakulu anayi akuchigwetsa n'kuchizula mtima ndi manja. M'buku nkhondo imeneyi imachitikira m'maganizo, m'malo opanda malire momwe muli fulu wamkulu wakalekale, zinthu zoti TV ya nthawi imeneyo sikanazikwanitsa. Eddie akufa pamenepo ndipo Dennis Christopher akuisewera bwino imfayo, koma maso amakhala ali pa chidolecho. Mafilimu atsopano a Andy Muschietti a 2017 ndi 2019 anali ndi ndalama ndi makompyuta, ndipo pa zilombo anaposa kutali. Ya 2017 ili ndi malo ake a a Ross: galimoto ikudutsa pamene Henry akucheka Ben pamimba, okalamba awiri m'katimo akuyang'ana n'kupitirira. Ndinawayamikira pamenepo. Koma Pennywise wa Bill Skarsgård ndi chilombo kuyambira pachiyambi, woti mwana aliyense angathawe atangomuona, ndipo pogawa ana filimu yawo, akuluakulu yawo, anataya kulukana kuja kwa foni ndi chikumbutso komwe kunapangitsa usiku woyamba wa 1990 kukhala wamphamvu.

Ine kangaude ndingamupirire. Chimene chikundivuta ndi zimene zikubwera pambuyo pake. Mike, amene anadikira zaka 30, amene analowa yekha m'mapaipi kukatola siliva uja ndi kugulanso njinga yakale ya Bill, sakupezeka pa nkhondo yomaliza. Henry wamubaya, ali m'chipatala. Kenako tikumumva akulemba m'buku lake kuti nayenso wayamba kuiwala, ndipo mwina tsopano achoka ku Derry. Filimuyi ikupereka zimenezi ngati mphoto, ndipo mbali ina ndikumufunira mpumulo umenewo. Koma akaiwala Mike, m'tawuni yonseyo simutsala munthu ndi mmodzi yemwe wodziwa mayina a ana aja ndi chimene chinawachitikira.

M'buku King sanailekerere Derry. Pamene chinthuchi chikufa mu 1985, chimvula ndi madzi osefukira zikugumula pakati pa tawuni, misewu ikutitimira, thanki yaikulu ya madzi ikugwa n'kugubuduzika, chifukwa tawuniyo ndi chinthucho zinali zitamera mizu imodzi. Pa TV palibe njerwa ndi imodzi yomwe ikugwa. Ben ndi Beverly akukwatirana, Richie akupeza ntchito mu filimu, ndipo Bill akukweza Audra, amene chinthucho chinamusiya ali chiumire osalankhula, panjinga yake yakale n'kutsetsereka naye mpaka mkaziyo akutsitsimuka. Akuima pakati pa msewu akupsompsonana, magalimoto akuliza mahutala, dzuwa likuwala. Ndi Derry yomwe ija, nyumba zomwe zija ndi makonde ake, ndipo filimuyi ikufuna kuti ndikhulupirire kuti vuto lonse linali pansi pa nthaka. Gawo limenelo sindikulikhulupirira, chifukwa filimu yomweyi ndi imene inandionetsa a Ross akulowa m'nyumba popanda wowakankha.